Kalata kwa a Gavanala Abbott, a Paxton ndi majaji aku Texas: musamuphe Robert Roberson

(Kalatayi ndinailemba mu 2025, tsiku la 16 Okutobala lomwe anakonza zomupha lisanafike)

Olemekezeka a Gavanala Greg Abbott, a Ken Paxton inu loya wamkulu wa boma la Texas, komanso majaji nonse 9 a khoti lalikulu la apilo pa milandu yaupandu ku Austin,

Pepani ndalowa osagogoda. Ndine mzimayi waku Malawi, ndakhala muno mu Texas zaka zingapo tsopano, ntchito yanga ndi yausiku, ndimasamalira anthu akuluakulu omwe sangathe kukhala okha pa nyumba ina chakufupi ndi Dallas. Sindine loya, sindine dokotala, olo voti ndilibe. Kalata yachingerezi ndatumiza kale ku maofesi anu koma inatuluka yaifupi komanso yozizira ngati fomu yakuchipatala, nde ndati iyi ndilembe mchilankhulo chomwe ndimaliramo, ofuna kukumasulirani akumasulirani, komanso kuti abale anga omwe amangomva kuti ku America nkwachilungamo adziwe zomwe zakonzedwa pa 16 Okutobala 2025.

Tsiku limenelo 6 koloko madzulo mukufuna kumupha Robert Roberson ku ndende ya Huntsville. Kwathu timati kunyonga, kuno chingwe munasiya kalekale mumabaya jakisoni wa pentobarbital munthu atamangidwa pa bedi, koma otuluka mchipindamo ndi mtembo basi. Aka nkachitatu kumuikira tsiku, koyamba munali mu 2016, kachiwiri pa 17 Okutobala 2024, ndipo mukamupha akhala munthu oyamba mu America yense kuphedwa ndi boma pa mlandu omwe unaima pa zomwe madokotala amati shaken baby syndrome, zoti mwana wafa chifukwa wina anamugwedeza mwankhanza. Pempho langa ndi limodzi, imitsani, mlanduwu uzengedwenso.

Ndiyambe ndi mwanayo poti pa phokoso lonseli ndi amene amaiwalika. Nikki Curtis, zaka 2, mwana wamkazi wa Robert yemwe boma likuti Robertyo anamupha. Mwana ameneyu chibadwire sanaone thanzi, matenda amkhutu osatherapo, maulendo akuchipatala osawerengeka, pena ankangosiya kupuma nkugwa pansi milomo nkuda. Sabata yomwe anamwalirayo anali akutsegula mmimba, kusanza, kutsokomola, thupi lili moto. Pa 28 Januwale 2002 anapita naye kuchipatala, anawapatsa mankhwala oletsa kusanza otchedwa Phenergan nkuwabweza kunyumba. Mawa lake kwa dokotala wa ana thupi linatentha mpaka 104.5, kwa ife ozolowera Celsius ndi 40 ndi kakanthu pamwamba, mayi aliyense amene anagwirapo mwana otentha choncho akudziwa kuti dzanja limachita kubwerera lokha. Sanamugoneke. Anamuonjezera Phenergan wina ndi mankhwala achifuwa okhala ndi codeine, basi kazipitani. Codeine yemweyo a FDA, bungwe la boma loona za mankhwala ku America, anadzaletsa mu 2017 kuti asamaperekedwe kwa mwana osakwana zaka 12 poti amafooketsa kupuma, Phenergan naye pano ali ndi chenjezo lalikulu pa nkhani yomweyo ya kupuma kwa ana ang'onoang'ono. Nde tangoganizani, mwana mapapo ake akulimbana kale ndi mpweya, mwamuthiranso mankhwala awiri ogonetsa kupuma komweko.

Usiku wa pa 30 Robert anakamutenga kwa agogo ake akuchikazi. Mbandakucha anamva kakulira, kudzuka anapeza mwana wagwa pa bedi, anamunyamula nkukhala naye maso kwa kanthawi kenako onse awiri tulo tinawatenga. Mmawa wa pa 31 mwana sakupuma. Anathamangira naye kuchipatala cha mtauni mwawo mwa Palestine, kumeneko anamutumiza ku Dallas, pa 1 Febuluwale Nikki anatisiya. Asanaupime nkomwe mtembo bambo anali atamangidwa kale.

Ine chibayo ndimachidziwa, osati cha mmabuku ayi. Mwana wanga oyamba, wamwamuna, anali ndi chaka ndi miyezi 7, nthawi imeneyo ndili kumudzi. Chinayamba ngati kachimfine, tinapita kuchipatala masana anati mwina ndi malungo tinabwerera ndi timapilitsi, kufika usiku nthiti zikulowa mkati, timphuno tikutukumuka, akupuma mothamanga ngati kamwanapiye konyowa ndi mvula. Ndinamubereka nkuyamba ulendo mumdima ndipo tisanafike ndinamva thupi lake likusintha kulemera kumsana kwangaku, amayi omwe zinawaonekerapo akukudziwa kulemera kumene ndikunena. Ndipo sindinalire. Kuchipatala sindinalire, pobwerera sindinalire, mnyumba ya siwa amayi anzanga akubuma ine ndangoti duu maso pa khoma, mpaka ndinafunsa ngati mbuzi azitsekera mkhola. Funso limenelo linanditsata zaka. Alamu anga ankanong'onezana kuseri kwa nkhokwe kuti ameneyu akudziwapo kanthu, mayi wanji mwana wafa iye akuganiza za mbuzi. Misozi inabwera patatha masabata atatu nditapeza kansapato kake kuseri kwa mtsuko, ndinalira mpaka mawu anatha, koma pamenepo panalibe ondiona. Ndikanakhala ndili ku Palestine ndi nkhope ija ndi funso la mbuzi lija, kaya bwenzi ndili kuti lero.

Chifukwa chomwe chinayamba kumugwetsa Robert ndi nkhope. Manesi ndi apolisi anaona bambo osalira, oyankhula mawu osakwera osatsika, maso osayang'ana munthu, ndipo atapita naye kunyumba kuti akaonetse pomwe mwana anagwera iye analowa kukhitchini nkukonza sangweji. Mmitima mwawo mlandu unathera pompo, zotsalazo kunali kungofunafuna mapepala oti agwirizane ndi zomwe maso aweruza kale. Mu 2018, patatha zaka 15 ali mndende ya odikira imfa, ndi pomwe anamupima nkupeza kuti ali ndi autism, chibadwa chomwe chimapangitsa munthu kusaonetsa zamumtima mmene ena amayembekezera. Munthu ameneyu sukulu anali mkalasi ya ana ofunika thandizo lapadera ndipo sanapite nayo patali, palibe amene anadzifunsa kuti kapena ndi mmene alili chibadwire. A jury, anthu wamba 12 omwe amagamula mlandu kuno, anamva za bambo ouma mtima, za autism sanamve olo liwu limodzi.

Kuntchito kwanga ndili ndi abambo ena a autism, mayi awo atamwalira tinawauza mosamala tikudikira kuti mwina agwa pansi, iwo anangofunsa ngati chakudya chikhalebe cha 5 koloko. Patapita masiku anasiya kudya, miyezi iwiri yathunthu tikuchita kuwanyengerera supuni imodzi imodzi. Chisoni chinalimo chonse, chinangotulukira khomo lina. Ndikamawerenga zomwe mboni zinanena za nkhope ya Robert ndimaona abambo amenewa ataimitsidwa mkhoti, ndipo mmimba mwanga mumachita kuzizira.

Musaone ngati ndabwera kudzakuphunzitsani ngati kuti kwathu ndife oyera, ayi ndithu. Kwathu mwana akafa mwadzidzidzi anthu safuna kumva kuti ndi matenda, amafuna munthu, ndipo agogo ambiri agendedwa ena kuphedwa kumene powaganizira ufiti chifukwa choti maso ndi ofiira kapena sanalire bwino pa maliro. Nde ndikaona zimenezi ndimazizindikira msanga. Imfa ya mwana imawawa moti mtima umakana kuti ingakhale yopanda olakwa. Kusiyana kwake nkoti kwathu ogenda amakhala anyamata olusa, kuno pali ma digiri, mikanjo ya majaji ndi chidindo cha boma.

Wapolisi amene anatsogolera kafukufuku wa mlanduwu ndi a Brian Wharton. Ndi iwowo anamumanga Robert, ndi iwowo anakaima mkhoti kuchitira umboni boma. Pano ndi abusa a mpingo wa Methodist ndipo akhala akuyenda paliponse, kwa aphungu, pa TV, kwa aliyense ofuna kumva, kunena kuti tinalakwitsa, panalibe mlandu apa, tinangotsatira zomwe dokotala ananena osafufuzanso china chilichonse. Anapita mpaka ku ndende ya Polunsky ku Livingston kukamuyang'ana Robert mmaso nkumupempha chikhululuko, ndipo Robert anawakhululukira. A Paxton, inu mwagwira ntchito ndi apolisi zaka zambiri, mundiuze, ndi kangati munaona wapolisi akudzivula yekha ulemu pagulu chonchi pofuna kupulumutsa munthu yemwe anamumanga yekha? Apindulapo chani? Akanatha kungokhala phee kumalalikira Lamulungu lililonse palibe akanawafunsa kanthu.

Tsopano za sayansi, ndifotokoza mmene ndazimvera ine munthu wamba. Mu 2002 madokotala ankaphunzitsidwa kuti mwana akabwera ndi zinthu zitatu, magazi pansi pa chikopa chokuta ubongo, ubongo otupa, ndi magazi kuseri kwa maso, basi ameneyo wagwedezedwa, ndipo olakwa ndi amene anali naye pomaliza. Ankanenanso kuti kugwa pafupi ngati pa bedi sikungachite zimenezi, kuti matenda sangachite zimenezi, kuti mwana amakomoka nthawi yomweyo. Zonsezi zinagwedezeka. Pano zikudziwika kuti kusowa mpweya, matenda olowa mmagazi, vuto la magazi osaundana bwino komanso kugwa kwapafupi zitha kubweretsa zizindikiro zomwezo, ndipo dokotala amayenera ayambe wachotsa zonsezi asanaloze chala munthu. Olo a Norman Guthkelch, dokotala waku Britain amene anayambitsa ganizoli mu 1971, atakalamba anadandaula poyera kuti ganizo lawo lasanduka chomangira anthu mmakhoti popanda umboni okwanira. Anthu oposa 30 mu America muno omwe anamangidwa pa nkhani yomweyi makhoti anawamasula kale.

Sindikunena kuti ana sazunzidwa, amazunzidwa, ndipo ogwedeza khanda atha kulipha, zimenezo palibe akutsutsa. Funso ndi la mwana mmodzi uyu. Katswiri wa mapapo anaunikanso tizidutswa ta mapapo a Nikki nkupeza chibayo cha mitundu iwiri, cha vayirasi ndi cha bakiteriya, chomwe chinafika polowa mmagazi. Katswiri wa mankhwala anapeza Phenergan ochuluka mthupi mwake. Zithunzi za sikani ya mutu wake zomwe anajambula tsiku lomwe anafika kuchipatala zinasowa, zinadzapezeka mchipinda chapansi ku khoti patatha zaka zoposa 15, ndipo dokotala owerenga zithunzi atazionanso anati zikuonetsa malo amodzi okha omwe mutu unagunda, zogwirizana ndi kugwa pa bedi komwe bambo ananena tsiku loyamba lomwe. A jury a mu 2003 zonsezi sanazione. Inu mwaziona?

Ndipo mlanduwo mmene unayendera, aaa. Loya wake yemwe, munthu oti amuteteze, anavomera pamaso pa jury kuti mwana anagwedezedwa, iye nkumangolimbana ndi zoti sichinali cholinga kupha, pomwe mwini wake akukana kuti sindinachite ndipo anakana kuvomera mlandu olo atamulonjeza kuti apulumuka imfa. Nesi wina anakauza jury kuti anaona zizindikiro zoti mwanayo anagwiriridwa, madokotala sanapeze zimenezo, boma linadzausiya mlandu umenewo jury isanakakhale pansi koma mawu anali atalowa kale mmakutu. Mungamuuze munthu kuti bambo uyu anagwirira mwana wake wa zaka 2 kenako nkumuuza kuti iwalani zija? Mayi mmodzi amene anali mu jury imeneyo anabwera pamaso pa komiti ya aphungu chaka chatha nkunena kuti zomwe anauzidwa zinali za kugwedeza, ndipo akanadziwa za chibayo ndi mankhwala aja sakanamupeza olakwa.

A Paxton, zanu ndazimva ndipo sindizinyoza. Mukuti nkhani si kugwedeza, mwanayo anamenyedwa, lipoti la opima mtembo linati anavulala mmutu malo angapo. Mukuti panali mboni, chibwenzi chake cha nthawi imeneyo ndi ana awiri, zomwe zinati zinamuonapo akumugwedeza. Mukuti Robert anali atakhalapo kale kundende, inde, pa zakuba ndi macheke abodza. Palinso abale ena a Nikki akuchikazi omwe mpaka lero amakhulupirira kuti anapha ndipo atopa kudikira, amenewo sindingawanene kanthu, anaika mwana mmanda, ululu wawo ndimaudziwa kuwawa kwake. Koma mbali inayo ikuyankha kuti mtembo unapimidwa mwana atakhala kale mmanja mwa madokotala omwe anamulowetsa mapaipi nkumubowola mutu kuti ayeze kutupa kwa ubongo, magazi ake osaundana, nde mabala ena ndi a chipatala pofuna kumupulumutsa. Ikuyankhanso kuti mawu oti kugwedeza ali ponseponse mmabuku a mlandu wa 2003, simungawafufute lero chifukwa choti sayansi yake yafooka. Ine sindingagamule kuti olondola ndani, ndipo ndi chifukwa chake kuli makhoti. Ngati umboni wanu uli olimba mmene mukuneneramo, mukuopa chani kuuika pamaso pa anthu 12 atsopano, madokotala anu uku a iye uku, aliyense afunsidwe mafunso? Mukawina mwawina poyera. Kwathu timati mlandu suola, munthuyu ali mmanja mwanu zaka 23, sakuthawira kulikonse, changu chikuchokera kuti?

Chinanso a Paxton, ofesi ya loya wa boma ku Anderson County ndi yomwe inali ndi mlanduwu, chaka chino ofesi yanu yautenga nkukapempha tsiku latsopano pomwe apilo yake ikadali pa tebulo la majaji osayankhidwa. Chaka chatha aphungu atamuitana kuti adzayankhule pamaso pawo ku Austin, ofesi yanu inatsekereza kuti asabwere. Munthu mukufuna kumutseka pakamwa mpaka kalekale, bwanji osamulola ayankhule kamodzi anthu amuone okha mmene alili?

Inu majaji, apa nde pandizunguza mutu kwambiri. Texas inali yoyamba mu America yense kukhazikitsa lamulo mu 2013, Article 11.073, loti ngati munthu anamangidwa ndi sayansi yomwe pano yasintha abwerere kukhoti. Lamulo labwino zedi, loti mukanamanyadira nalo. Ndi lomwelo linakupangitsani kuimitsa imfa ya Robert mu 2016. Koma lipoti la 2024 la bungwe la maloya la Texas Defender Service linapeza kuti chikhazikitsireni lamuloli palibe olo munthu mmodzi odikira imfa amene anapatsidwa mlandu watsopano kudzera mmenemo. Nde lamulolo analembera ndani? Pa 9 Okutobala 2024 khoti lanu lomweli linafafaniza chigamulo cha Andrew Roark waku Dallas amene anamangidwa mu 2000 pa nkhani yogwedeza mwana, munanena nokha kuti sayansi yasintha ndipo jury ya lero mwina sikanamupeza olakwa, mwezi otsatira boma linausiya mlandu wake, pano ndi mfulu. Dokotala amene anachitira umboni pa mlandu wa Roark ndi yemweyo anachitira umboni pa mlandu wa Robert. Patangopita masiku ochepa khoti lomwelo linamukana Robert, ndipo pofika sabata ya imfa yake munagawanika 5 kwa 4. Sayansi imodzi, dokotala mmodzi, khoti limodzi, mwezi umodzi, wina kwawo wina ku jakisoni. Mundifotokozere ngati mwana chifukwa ine sindikumvetsa. Ndipo majaji 4 mwa 9 akamati dikirani, kumeneko si kukaika kodi? Atatu mwa omwe anakana aja anachoka, mwalowa atsopano mu Januwale, inu mulibe mawu akale oti muwateteze, werengani fayiloyo ndi maso anuanu.

Za usiku wa pa 17 Okutobala chaka chatha sindidzaiwala, ndinali pa ntchito foni ili mthumba la yunifolomu ndikungoisuzumira. Dzulo lake bodi yoona za chikhululuko inali itakana, ngakhale aphungu 86 a nyumba ya malamulo ya Texas, a Republican ndi a Democrat pamodzi, anali atasaina kalata yomupemphera. Khoti lalikulu ku Washington linati silingalowerere, koma jaji Sonia Sotomayor analemba kuti chotsala ndi inu a Gavanala kupereka masiku 30. Munakhala chete. Anachita kuganiza msanga ndi aphungu, a Joe Moody aku El Paso ndi a Jeff Leach aku Plano, azipani zosiyana, komiti yawo inamuitana Robert kuti adzachitire umboni tsiku loti akanakhala atafa kale, jaji wina ku Austin anaimitsa, khoti la apilo linati ayi pitirizani, 6 koloko inadutsa, 8 inadutsa, munthu ali mkachipinda masitepe ochepa kuchoka pa bedi lija atatsanzika kale, mpaka cha mma 10 usiku pomwe Supreme Court ya Texas, khoti lina lalikulu loona milandu yosakhala yaupandu, inati imani. Mu Novembala khoti lomwelo linati njira imeneyo isadzagwirenso ntchito. Nde chaka chino khomo limenelo ndi lotseka, latsala ndi lanu. Ndimadzifunsa kuti munthu wa autism ngati ameneyu, usiku ngati umenewo anaupirira bwanji, ndipo mukufuna adutsemonso.

A Gavanala, dzina la Cameron Todd Willingham mukulidziwa, munali loya wamkulu wa boma pomwe anaphedwa pa 17 Febuluwale 2004. Nyumba inapsa ku Corsicana mu 1991, ana ake atatu aakazi anafera momwemo, akatswiri a nthawiyo anati moto unachita kuyatsidwa poona mmene pansi panapserera ndi mmene magalasi anaswekera. Nayenso anamuweruza ndi machitidwe, akuti bambo wanji ana akupsa iye akukankha galimoto kuichotsa pafupi ndi moto. Kutatsala masiku ochepa katswiri wa za moto Gerald Hurst analemba kuti palibe umboni oti motowo unayatsidwa dala, a Rick Perry omwe anali gavanala nthawiyo sanaimitse. Mu 2009 katswiri wina amene komishoni ya boma lanu lomwe inamulemba ntchito ananenanso zomwezo. Koma munthu anali atagona mmanda zaka 5, madzi akatayika saoleka. Anthony Graves anakhala zaka 18 mndende, zambiri mwa izo akudikira imfa, anatuluka mu 2010 osalakwa ndipo lero akuyenda akuyankhula chifukwa choti nthawi inamupeza akupumabe. Mu America yense anthu omwe anaweruzidwa kuti aphedwe kenako nkupezeka osalakwa anakwana 200 chaka chatha kuwerenga kuchokera 1973. Texas yapha anthu oposa 590 chiyambire 1982, ndani angaike dzanja pa Baibulo kuti mwa onsewo munalibe olo mmodzi osalakwa?

Ndikudziwa kuti lamulo silikulolani kusintha chilango panokha popanda bodi, ndawerenga. Koma limakulolani kuimitsa kamodzi kwa masiku 30, panokha, osapempha aliyense. Ndipo mtima otero muli nawo chifukwa mu Febuluwale 2018 munamupulumutsa Thomas Whitaker kutatsala mphindi zochepa, bodi itavomereza, bambo ake atakugwirani mwendo, ndipo ameneyo sankakana nkomwe kuti anakonza chiwembu chophetsa mayi ake ndi mng'ono wake. Ngati munapeza malo mumtima a munthu ovomera kulakwa, asowa bwanji a munthu amene wapolisi omumanga akuti ndi osalakwa? Ndinu Mkatolika, mumanena poyera kuti moyo ndi opatulika ndipo ine ndimakukhulupirirani kuti mumanena zochokera pansi pa mtima, nde moyo wa bambo wa zaka 58 uyu nawonso ndi moyo. Sindikukupemphani kuti mutsegule geti atuluke mawa, iye mwini sakupempha chifundo, akupempha mlandu watsopano. Masiku 30 sakuchotserani kanthu, jakisoni wanuyo akhalapobe mu Novembala ngati majaji atawerenga zonse nkupeza kuti ndikunama.

Palinso makolo ena omwe akuonera nkhaniyi mwakachetechete, ena ndi anzanga ochokera maiko akutali omwe Chingerezi chimawathawa akapanikizika, ena ali ndi ana odwaladwala, ena nkhope zawo sizionetsa zomwe zili mumtima. Mnzanga wina anandiuza kuti mwana wake atagwa pa sofa anayamba waima pakhomo kuganiza kaye kuti kuchipatala akandiona bwanji, ndikalire motani kuti andikhulupirire. Mphindi zimenezo zoima pakhomo zitha kupha mwana. Robert anamunyamula nkupita naye kwa anthu omwe ankaganiza kuti amuthandiza.

Ndipo Nikki naye ali ndi ufulu oti chomwe chinamupha chitchulidwe dzina lake lenileni. Ngati anamenyedwa, zitsimikizike pamaso pa jury yomwe yamva zonse. Ngati chinali chibayo ndi mankhwala aja, ndiye kuti mwana anabwezedwa kuchipatala kawiri akufa, ndipo boma likufuna kuphanso bambo ake pamwamba. Wanga uja anandiuza kuti chinali chibayo, anandipatsa kapepala, ndinakamuika, ndipo olo anthu ananong'ona palibe amene anandimanga unyolo. Ndinapatsidwa masabata atatu aja kuti misozi ipeze njira. Robert analowa mchitokosi mwana wake asanaikidwe nkomwe ndipo sanatulukemo mpaka lero.

Majaji, apilo ili pa tebulo panu, imitsani tsikuli muitumize kukhoti ikamvedwe ngati mmene munachitira ndi ya Roark. A Paxton, bwezani pempho lanu la tsiku. A Gavanala, enawa akakhala chete sainani masiku 30 aja, ndipo chonde musadikire kuti afike kaye ku Huntsville nkutsanzikanso kachiwiri, sainani sabata ino.

Ine mayi wa ana awiri amoyo ndi mmodzi ogona kumudzi,
Dallas, Texas